Mbuna m'thanki ya malita 54: samu inandinamiza

Thanki yanga yagalasi ndi yaing'ono: masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi, 30 msinkhu. Ukachulukitsa manambalawa n'kugawa ndi 1,000 umapeza malita 54. Samu imeneyi ndiyo inali yoyamba kulowa m'kope langa la nsomba, ndipo ndinaidalira mopitirira muyeso. Ndinali nditawerenga kuti sentimita imodzi ya nsomba imafuna lita imodzi kapena awiri a madzi, basi ndinati sukulu yatha. Sindinaganizeko zoti mchenga ndi miyala zimadya malo, komanso kuti madzi sudzaza mpaka pakamwa. Enieni amatsala mwina 45.

Nditapita ku Blantyre ndinabwerako ndi majumbo awiri. Lina munali ma guppy 6, tinsomba ting'onoting'ono toweta, lina mbuna 4 zachikasu za mizere yakuda, zimene m'mabuku amazitcha Melanochromis auratus. Mbunazo ndinagula chifukwa chonyadira za kwathu. Nsomba za m'nyanja yathu zimakwera ndege mpaka ku Ulaya, ndiye zikanike bwanji kukhala pa Chitakale pano?

Sabata ziwiri sizinathe. Mbuna imodzi inayamba kuda thupi, pambuyo pake ndinadziwa kuti yamphongo ikamakula imatero, ndipo inalanda mwala waukulu wa pakona. Iliyonse yodutsa pafupi inkathamangitsidwa mpaka kukabisala kuseri kwa fyuluta, chosefera madzi. Michira ya ma guppy, ija yotambalala ngati chitenje choyanika, inasanduka nsanza. Mlongo wanga atasuzumira anati, "Achimwene, nsombazi mwagula zoweta kapena zankhonya?" M'mawa mwake ndinavuula ma guppy awiri atafa.

Apa mpamene ndinayamba kuwerenga mofatsa. Mbuna zimakhala m'miyala ya m'mphepete mwa nyanja, monga ku Cape Maclear ndi ku Likoma, zikupala ndere pamiyalapo, ndipo yamphongo imalondera malo ake ngati munda. Oziweta amayambira pa thanki ya malita pafupifupi 200, amaunjikamo miyala, ndipo amaziika zambiri dala kuti ndewu isagwere imodzi yokha. Zimenezi zimatheka ndi fyuluta yamphamvu basi. Ine ndinaika 4 m'kabokosi kopanda pothawira. Samu yanga inkati malo alipo, koma samu sidziwa khalidwe la nsomba. Ndinaiwalanso kuti umawerengera msinkhu umene nsomba idzafike ikakula, osati umene ili nawo m'jumbo. Auratus imafika masentimita 11.

Madzi nawo ndi nkhani. A m'nyanja ya Malawi pH yake, muyeso wa asidi m'madzi, imakhala cha m'ma 8, pamene athu otsika m'phiri la Mulanje ndi ofewa, sopo amachita thovu msanga. Nsomba ngati neon tetra ya ku South America ingakondwe nawo kuposa mbuna ya kwathu konkuno. Zinandiwawa kuvomereza zimenezi.

Phunziro limene linandivuta kwambiri ndi la zinthu zosaoneka. Ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala zimatulutsa ammonia, amene ndi poizoni. Mabakiteriya ena amasandutsa ammonia kukhala nitrite, poizoninso, ndipo ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene umachepetsa posintha gawo la madzi sabata iliyonse. Mabakiteriyawa amakhala mu siponji ya fyuluta ndipo amatenga sabata 4 mpaka 6 kuti achuluke. Ine ndinathira nsomba 10 tsiku limodzi m'thanki yatsopano, n'kumatsukanso siponjiyo pampopi mpaka kuyera mbee, ndikudziona ngati waukhondo pamene ndikuchotsa mabakiteriyawo.

Kwatsala nkhani ya kuzizira. Mwezi wa June chiperoni chikatsika, madzi opanda hita yowatenthetsa sangakhale pa madigiri 24 mpaka 26 amene nsomba zambiri za m'madera otentha zimafuna, ndipo magetsi akazima usiku hita ndi chokongoletsa chabe. N'chifukwa chake maso anga ali pa White Cloud Mountain minnow, kansomba ka ku China ka masentimita 4, kofatsa, koyenda pagulu, kopirira madzi ozizirirapo. Ndikufuna 8, mtundu umodzi wokha. Goldfish ndaikana ngakhale imapirira kuzizira, chifukwa imakula kuposa chikhatho ndipo imadetsa madzi koopsa.

Mbuna zija ndinakapereka kwa mnzanga wa ku Luchenza amene ali ndi thanki yaikulu, ma guppy otsala anatenga aneba. Yanga ili pa sabata yachitatu ikuyenda yopanda nsomba, ndikungothiramo kachakudya pang'ono kuti mabakiteriya apeze chodya. Loweruka ndiyezanso nitrite.