Mwendo wa Njinga pa Thondwe

Yoyamba kudandaula inali mimba yanga. Nditangokwera njinga yamotoyo m'shopu muja ku Limbe, n'kuwerama kuti ndigwire mahandulo, mimba inakakhala pathanki ngati mphika pamafuwa, batani la shati n'kuthothoka kukagubudukira kunsi kwa kauntala. Mnyamata wogulitsa anachita ngati sanaone.

"Yakukhalanitu bige," anatero. "Ngati anachita kukupimani kufakitale."

Ndinali ndi zaka 44, ana atatu, ndi ndalama za chipereganyu zimene ine ndi mayi a kunyumba tinapangana kuti n'zogulira malata a nyumba ya kumudzi.

Matendawa anayambira pafoni. Usiku anzanga akugona, ine ndinkatha bandulo kuonera mipikisano ya njinga zamoto ya MotoGP pa YouTube, anthu akukhota mpaka bondo kukhula tala. Ndinakonda kwambiri Valentino Rossi, wa nambala 46 uja. Iye anapuma pampikisanowo mu 2021 ali ndi zaka 42, kutanthauza kuti ine ndinkayamba pamsinkhu umene mwiniwake anali atasiya kale. Masamu amenewa ndinawawerengera, koma sindinauze munthu.

Kusankha kunanditengera miyezi itatu. Kawasaki Ninja 400 ndinaisirira, koma nditaphatikiza mtengo wake ku Joni, thiransipoti ndi msonkho wa paboda, ndinazimitsa foni n'kumwa madzi. KTM RC 390 ija ya olenji, ya 373cc, aliyense woiyesa ankaitama kuti ndi yaukali, ndipo ine munthu woti galu wa aneba amandithamangitsa ndinaona kuti ukali ndili nawo wokwanira pamoyo wanga. Pulsar RS200 inatsala pang'ono kundigwira. Alamu anga, amene akhala akuyenda pa Yamaha DT125 ya ulangizi kuyambira ndisanakwatire mlongo wawo, anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Alamu, gulani Boxer. Masipeya ake ali patrading iliyonse, ndipo thumba la feteleza imanyamula osadandaula."

Ndinawayankha kuti sindikufuna kuti anthu azindiimitsa panjira n'kumandifunsa kuti ku Bangwe ndi zingati. Alamu anangoti, "Chabwino," chabwino wake uja wa munthu amene akusunga mawu kuti adzawagwiritse ntchito tsiku lina.

Ndiye ndinagwa pa Yamaha R15 yabuluu, V4, mtundu umene unatuluka mu 2021. Injini yake ndi ya 155cc basi, silinda imodzi, yozizira ndi madzi, magiya sikisi. Kunena zoona siiposa kwenikweni njinga za kabaza pakukula kwa injini, koma maonekedwe! Ukaiona itaima umaganiza kuti ikuthamanga kale. Layisensi ndinali nditakonzeratu, ya kodi A, poti A1 imathera pa 125cc. Mnyamata uja anandifotokozera zambiri, akuloza uku ndi uku, ine ndikungogwedeza mutu maso ali pagalasi la shopu kudziona mmene ndikuonekera. Kabuku ka malangizo, lisiti ndi mapepala ena anandiikira m'jumbo. Nditafika kunyumba ndinaponya jumboyo pamwamba pa wadiropu, kumene ndimaganiza kuti sikufika munthu.

Sabata yoyamba ndinaphunzira zinthu zimene pa YouTube sanena. Njinga yamtunduwu sukhalapo, umaigwadira. Matako m'mwamba, mutu pansi, ngati mayi akupemerera moto wa nkhuni zaziwisi. Pofika pa Chichiri kuchokera ku Limbe, manja anali atachita dzanzi. Magalasi oonera kumbuyo ankandionetsa zigongono zanga zokha, ndipo ndinazidziwa bwino zigongonozo sabata imeneyo kuposa zaka zonse zapitazo. Mpando wake uli mamilimita 815 kuchokera pansi, pamene ine Mulungu anandipatsa zambiri koma miyendo anachita kundipimira. Ndikaima pamaloboti ndinkagunda pansi ndi zala zokha, uku ndikupendama ngati nkhuku yoima ndi mwendo umodzi.

Koma ndisaname, ikamayenda inkakoma. Giya inkalowa mofewa, kuti tsee, mabuleki ukangowakhudza njinga n'kumvera. Amati injini ikafika pozungulira ka 7,400 pa mphindi mavalavu amasintha katsegukidwe, chimene eni ake amatcha VVA, ndipo njinga imachita ngati yadzuka kutulo. Zimenezo ine ndinkangozimva, chifukwa injini yatsopano safuna kuikalipitsa isanakwane makilomita 1,000. Choncho ndinkayenda mwaulemu mu Chipembere Highway nditavala jekete yachikopa ya pakaunjika, a kabaza onyamula anthu awiri ndi mtolo wa nzimbe akundipitirira n'kumandiimikira chala chachikulu.

Loweruka linafika loti tikaone apongozi kufupi ndi Zomba. Mayi a kunyumba anatuluka atatchena chitenje chawo chatsopano, anaizungulira njingayo kamodzi, n'kuima kumbuyo kwake.

"Bambo a ana, ine ndikhala pati?"

Ndinawalozera kampando kakumbuyo. Ndi kakang'ono ngati mbale ya ndiwo, ndipo kali pamwamba ngati khomo la nkhokwe.

"Apa? Nanga shuga ndi buledi wa amayi?"

Ndinati tikagula konko. Iwo anandiyang'ana, anayang'ana kampando kaja, n'kunena kuti akakwera minibasi. Ndinawauza kuti akandipeza nditadya kale nsima, mwinanso nditagonako. Anabwerera m'nyumba kukatenga chikwama, ndipo ndinamva mpando ukukokedwa kuchipinda, koma sindinaganizepo kanthu.

Msewu wa Zomba ndi wosakwana makilomita 70, ndipo mpaka pa Namadzi ndinali mfumu. Pa Njuli ana anandikuwira. Mphepo inkalowa m'jekete, mtima uli myaa. Pa Thondwe ndinati ndiime ndigule shuga uja, ndipo ndinasankha dala kuima pamene a kabaza amadikirira makasitomala. Munthu sugula chinthu chotere kuti uzikachiimika kuseri kwa chimbudzi.

Anandizungulira nthawi yomweyo. Wina anagogoda thanki, wina anagwada kusuzumira tayala lakumbuyo. "Imathamanga zingati, madala?" Ndinatchula nambala imene sindingaibwereze pano. Ndinagula shuga mapaketi awiri, buledi ndi tomato, ndinakoleka jumbo pahandulo, ndinavala helemeti pang'onopang'ono kuti aliyense aone.

Tsono pamalo pamene ndinaimapo panali potsetsereka, pamiyala, ndipo zala zanga za kumanja sizinkafika pansi. Kunyumba ndinkayamba ndakweza sitandi ndisanalize injini, koma apa, pamaso pa anthu onsewa, ndinaopa kupendama. Ndinati sitandi ikhale pansi indigwirire, ndiikweza ndikamanyamuka. Ndinaliza. Inalira bwinobwino. Ndinapotokola mafuta kawiri kuti amve. Ndinagwira kilatchi, n'kuponda giya.

Zii.

Ndinabwezera pa nyutirale, ndinalizanso, inalira. Giya. Zii. Kachitatu chimodzimodzi. Za sitandi zinali zitachoka m'mutu, mutu wonse uli pa anthu amene ankandiyang'ana. Thukuta linayamba kutsika m'helemeti, ndipo dzuwa la Okutobala pa jekete yachikopa silichita chibwana.

"Ndi pulagi imeneyo," anatero wina. "Ayi, mafuta amadzi awa, mwathira kuti?" Wachitatu anathamanga kukaitana makaniko, bambo wa ovolosi yoti mtundu wake woyamba unaiwalika, atanyamula sipanala ziwiri ndi waya. Anagona pansi n'kuyamba kufufuza kabuleta. Anafufuza kumanzere, anafufuza kumanja. Njingayi ilibe kabuleta, mafuta amachita kupopedwa ndi injekita, koma pa nthawiyo inenso sindinkadziwa, ndiye ndinkangomuthandiza kufufuza. Kenako anafunsa kikisitata. Ilibenso. Anadzuka, anadzisasa fumbi, n'kunena mwachisoni ngati akulengeza maliro, "Akuluakulu, izi ndi za kompyuta. Tiikankhe."

Anyamata anayi anagwira. Pokankha, mmodzi anaikankha sitandi ija ndi phazi osaganizako n'komwe, ndipo palibe anaona, ngakhale ine. Tinathamanga nayo makilogalamu ake oposa 140, kuphatikizapo anga amene sindiwatchula, ndinasiya kilatchi, njinga n'kulira. M'manja munawombedwa. Ndinayenda mpaka pamahampu, ndinatembenuka monyadira, n'kubwerera kuti ndidzawathokoze. Ndinaima pamaso pa makaniko, giya ili m'kati, n'kutsitsa sitandi.

Zii.

Makaniko anagwira chibwano. "Mwaona? Ikumandiopa. Vuto lake ndi lalikulu."

Tinakankha katatu. Ulendo uliwonse inkalira, ulendo uliwonse ndinkabwerera kudzalipira, n'kutsitsa sitandi, n'kuzima. Mtengo wa okankha unkakwera ulendo uliwonse. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda. Gogo wina anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti zoterezi si za sipanala, pali wina kwathu amene sanakondwe kuti ndagula, ndipo iye akudziwa munthu kuseri kwa msika. Ndikuvomera kuti ndinayamba kuganizira alamu anga. Makaniko anali atamasula kale mabawuti awiri a chipulasitiki cha m'mbali, akuti akufuna aone kompyutayo ndi maso.

Ndi pamene minibasi ya ku Zomba inaima kutsitsa munthu. Windo linatseguka. Ndinaona chitenje chatsopano chija ndisanaone nkhope.

"Bambo a ana."

Msika wonse unatembenuka.

"Kwezani mwendo wa njingayo."

Ndinakweza mwendo wanga.

"Osati wanuwo. Wa njinga. Alemba m'kabukumu kuti mwendowo ukakhala pansi, mukalowetsa giya injini imazima yokha. Akuti n'cholinga choti munthu asanyamuke mwendo uli pansi n'kukagwa pokhota." Anakweza kabuku kaja pawindo, chala chili patsamba.

Panali kachetechete wa masekondi awiri, kenako Thondwe yense anaphulika. Wa kabaza wina anagona pampando wa njinga yake, miyendo m'mwamba. Kondakitala anaiwala kuitanira. Makaniko yekha ndiye sanaseke, anangoti, "Ndimafuna ndifike pamenepo," n'kutambasula dzanja.

Ndinakweza sitandi ndi chidendene. Ndinaliza, ndinaponda giya, injini inapitiriza kulira mokoma ngati sinalakwepo chiyambire. Koma paja ndinanena kuti malowo anali otsetsereka. Sitandi itachoka, zala zanga zinafufuza dziko lapansi kumanja, osalipeza. Sindinagwe ngati a pa MotoGP, amene amatsetsereka moto uli lawilawi. Ndinagwa pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati nthochi yolemedwa ndi mkoko, mpaka ndinali ndi nthawi yonena kuti "gwirani, gwirani" kawiri. Ndinagwera pa jumbo. Buledi wa apongozi anasanduka chitumbuwa, tomato analowa m'jekete.

Mayi a kunyumba anatsika minibasi, anauza kondakitala kuti azipita. Anathandiza anyamata kudzutsa njinga, analipira makaniko atamuuza kuti abwezeretse kaye mabawuti, n'kukagula buledi wina. Kenako anapinda chitenje, anaponda kachitsulo kopondera, n'kukwera pakampando kaja mosavuta ngati anabadwira pomwepo. Kunena zoona atakhala kumbuyoko njinga inakhazikika bwino kuposa ndili ndekha.

Tinadutsa mahampu mwakachetechete. Titayenda pang'ono ndinamva helemeti ikugogodedwa.

"Kabukuka n'kabwino," anatero m'khutu mwanga. "Akuti tcheni muzithira mafuta pafupipafupi."

Ndinati zikomo.

"M'jumbo muja munalinso lisiti."

Ndinapotokola mafuta kuti injini ikweze mawu, koma paja inali isanakwane makilomita 1,000, sindikanatha kuikalipitsa. Ndinamva zonse, kuyambira pa mtengo wa lata limodzi, mpaka tinakafika pakhomo pa apongozi, pamene alamu anga anali atakhala pakhonde, DT yawo itatsamira mtengo wa mango.