Lupanga paphewa: za dzina loti Sir

Ambirife dzina loti Sir tinayamba kulimva kusukulu poitana aphunzitsi, koma ine chomwe chinandipatsa chidwi ndi mpira. Anthu olengeza masewero sankanena kuti Alex Ferguson basi ayi, nthawi zonse Sir Alex, ndiye nditafufuza ndinapeza kuti dzinalo anachita kupatsidwa ndi Mfumukazi Elizabeth mu 1999, chaka chomwe Manchester United inatenga makapu atatu chija. Ndipo kuti alandire anachita kugwada.

Mwambo wake umachitikira ku Buckingham Palace kapena ku Windsor Castle, nthawi zina ku Holyroodhouse ku Scotland. Akakuitana dzina umapita kutsogolo n'kugwada ndi bondo lakumanja pa kampando kake kapadera, mfumu imatenga lupanga n'kukugunda nalo pang'ono paphewa lakumanja kenako lakumanzere, ukadzuka imakuveka mendulo, mumachezako pang'ono n'kugwirana chanza, basi zatha. Mphindi imodzi kapena ziwiri zokha koma munthu wagwirira ntchito zaka 40. Mfumukazi Elizabeth inkagwiritsa ntchito lupanga la bambo ake, George VI. Amayi sawagunda ndi lupanga, iwo amatchedwa Dame, ndipo abusa nawonso sawagunda poti lupanga ndi chida cha nkhondo.

Nkhondoyo ndiye gwero lake. Munthu wopatsidwa dzina la Sir amatchedwa knight. Kalekale ku Ulaya knight anali msilikali wokwera hatchi, ndipo siunkangodzuka n'kukhala knight. Mwana ankachoka kwa makolo ali ndi zaka ngati 7 kukatumikira kunyumba kwa munthu wamkulu, akafika zaka ngati 14 ankayamba kunyamula zida za bwana wake ndi kusamala hatchi, kenako cha m'ma 21 ndi pomwe ankamupatsa lupanga lakelake. Usiku woti mawa mwambo ankamusambitsa, n'kuchezera m'tchalitchi akupemphera mpaka kucha. Kusambako ndi komwe kunabala dzina la gulu la ma knight lotchedwa Order of the Bath lomwe George I anakhazikitsa mu 1725. Lakale kwambiri ku England ndi Order of the Garter, la Edward III cha mu 1348, ndipo mpaka lero malo ake ndi a anthu 24 okha kupatula a banja lachifumu ndi mafumu akunja.

Masiku ano maina amatuluka kawiri pachaka, pa nyuwere ndi mu June, ndipo ambiri amasankhidwa ndi makomiti aboma, mfumu imangovomereza. Ngati dziko lako silili pansi pa mfumu ya Britain ulemu umalandira koma Sir sungatchedwe, n'chifukwa chake Bill Gates ali ndi ulemu wa u-knight wotchedwa KBE kuyambira 2005 koma palibe amamutchula choncho. Amalandanso. Robert Mugabe anapatsidwa mu 1994, mu 2008 anamulanda.

Tsono pali mbali ina yomwe imandivuta mumtima abale. Ulemu womwewu wa Sir unaperekedwanso kwa anthu omwe anatilamulira kuno. Sir Harry Johnston, amene Mangochi inkadziwika ndi dzina lake kuti Fort Johnston, Sir Alfred Sharpe, Sir Roy Welensky wa chitaganya chomwe makolo athu anachikana mpaka ena kufa mu 1959, ndi Sir Glyn Jones bwanamkubwa womaliza, yemwe msewu wa dzina lake timayendamo mu Blantyre tsiku lililonse. Ngakhale mamendulo a ulemu wocheperako otchedwa MBE ndi OBE omwe amapatsa manesi ndi aphunzitsi lerowa ndi a gulu lomwe George V anayambitsa mu 1917, ndipo E wakumapetoyo akuimira Empire, ufumu wa atsamunda. Wolemba ndakatulo Benjamin Zephaniah anakana OBE mu 2003 chifukwa cha liwu limeneli, ndipo ine ndimamumvetsa, mwambowo akanatha kuusunga liwulo n'kulisintha.

Komabe chomwe sindingabise n'choti mwambowu umalemekeza munthu akadali moyo, akuona ndi maso ake, ana ake ali pompo. Ife mbiri yabwino ya munthu timakonda kuiwerenga pamaliro bokosi lili patsogolo. Mu July 2020 corona ili pachimake, gogo wina wa zaka 100, Captain Tom Moore, amene anasonkhetsa ndalama zoposa mapaundi 30 miliyoni zothandizira zipatala pongoyenda uku ndi uku pabwalo la nyumba yake, anaitanidwa ku Windsor. Mwambo anachitira panja pa kapinga, kugwada sanagwade chifukwa cha ukalamba, anangoima atagwira chothandizira kuyenda chake chija, mfumukazi ya zaka 94 n'kutambasula dzanja kumugunda ndi lupanga la bambo ake. Mu February chaka chotsatiracho mkuluyo anamwalira ali Sir Tom.