Ku Gränna, kwawo kwa siwiti ya mizere yofiira

Basi yochokera mumzinda wa Jönköping, ku Sweden, imatsata gombe la nyanja ya Vättern kulowera kumpoto, ndipo ola lisanathe mwafika ku Gränna. Ndi katauni ka anthu osakwana 3,000, kokhala pamtsetse wa phiri, komwe mkulu wina wolemekezeka, Per Brahe, adakakhazikitsa mu 1652. Ine ndidapitako mu Disembala, mwezi umene dzuwa la ku Sweden limalowa cha m'ma 3 koloko masana, choncho zoonaona muyenera kuzithamangira kusanade.

Koma kunena zoona, anthu sapita ku Gränna kukaona nyanja. Amapitira siwiti. Msewu waukulu, Brahegatan, wadzaza ndi timasitolo tophika polkagris, siwiti yaitali yoyera ya mizere yofiira, yonunkhira peppermint. Fungolo limakupezani muli panja, chitseko chisanatsegulidwe.

Adayambitsa zonsezi ndi mayi wina wamasiye, Amalia Eriksson. Mwamuna wake adamwalira mwana ali wakhanda, ndipo mu 1859 akuluakulu a tauniyo adamulola kuphika ndi kugulitsa zotsekemera kuti adzisamale. Masiku amenewo mkazi sankangoyamba bizinesi popanda chilolezo chotere. Adakhala ndi moyo mpaka 1923, ndipo mwana wake Ida adapitiriza ntchitoyo. Lero chiboliboli cha Amalia chili m'tauniyo, alendo amajambulitsapo.

Chimene chidandisunga nthawi yaitali ndi kuonerera kaphikidwe, chifukwa masitolo ambiri amaphikira poyera, kuseri kwa galasi. Zofunika ndi zochepa kwambiri: shuga, madzi, viniga pang'ono ndi mafuta a peppermint. Amawiritsa mpaka madigiri pafupifupi 150, n'kukhuthulira phalalo patebulo lozizira. Kachigawo kakang'ono amakapatula n'kukathira utoto wofiira. Chotsalacho amachikoleka pa mbedza yapakhoma n'kuyamba kukoka, kupinda, kukokanso, mobwerezabwereza, mpaka chimene chinali chachikasu ngati uchi chisanduke choyera mbee. Palibe utoto woyera umene amathira. Ndi mpweya wolowa pokokapo umene umayeretsa. Kenako amamata timizere tofiira tija, n'kukunkhuniza patebulo, kupotokola, n'kudula ndi lumo isanaume. Mnyamata amene ndinkamuonerera ankagwira phala lotentha chotero uku akucheza ndi ana a pagalasi. Manja amenewo ndi ozolowera ndithu.

Yongotuluka kumene, ikadali yofunda, imakhala yofewa ndipo imamatirira m'mano. Ikazizira ndiye imauma gwa. Ngati mungapite, pemphani yofundayo.

Masiku ano mashelefu adzaza ndi mitundu yambirimbiri, ya zipatso, ya chokoleti, ngakhale ya mchere imene anthu akuno amaikonda modabwitsa. Ana amathamangira imeneyo. Koma ndidaona kuti achikulire amadutsa yonseyo osacheuka, n'kukatenga yakale ija, yofiira ndi yoyera. Agogo ena amene tidaima nawo pamzere adandiuza kuti amagula chaka chilichonse yoti akapachike pa mtengo wa Khrisimasi, monga ankachitira amayi awo. Ndidawafunsa ngati adalawako yatsopanoyi. Adangopukusa mutu.

Ndidawamvetsa agogowo. Kwathu Khrisimasi inali mpunga, nkhuku, Fanta ndi zovala zatsopano, koma kwa ife ana panalinso timasiwiti toyera tija togula pa golosale, tozizira pakhosi, tomwe tinkatiyamwa pang'onopang'ono kuti tisathe msanga. Sitinali tokoma kuposa masiwiti a lero, ayi. Kungoti peppermint ili ndi khalidwe lake: ikangofika m'mphuno, mumakumbuka amene adakugulirani. N'chifukwa chake ndikuona kuti mitundu yatsopanoyi, kaya ichuluke bwanji, ndi yokopera alendo chabe. Imene imachirikiza tauniyi ndi ya Amalia.

Ena amaisokoneza ndi candy cane ya ku America, yopindika kumutu ngati ndodo ya nkhalamba. N'zachibale, koma zambiri za kumeneko zimapangidwa ndi makina m'mafakitale, pomwe ya ku Gränna nthawi zambiri ndi yowongoka, yonenepa, yokulungidwa ndi manja m'pepala.

Kunja kwa masiwiti kuli nyumba yosungiramo mbiri ya S. A. Andrée, mwana wa tauniyi amene adayesa kukafika ku North Pole pa baluni mu 1897 n'kufera m'njira. Kulinso boti lopita ku chilumba cha Visingsö, koma ndi mphepo ya pa Vättern m'nyengo yozizira, ine ndidangoliyang'ana ndili pagombe.

Za mtengo wa Khrisimasi uja, masiwiti opachikapo sadyedwa pa 25 Disembala monga ndinkaganizira kuti ana angafunire. Mwambo wakuno ndi woti mtengo ukhale mpaka pa 13 Januwale, tsiku la Knut Woyera, lotsekera nyengo ya Khrisimasi. Pamenepo ana amavina mouzungulira, n'kuukolola zotsekemera zonse, mtengowo n'kutayidwa panja. Ana akwathu masabata atatu amenewo sakadawapirira, mtengo ukadayera pofika pa 26.