Lachitatu: Agogo a pa tsamba 7

Magetsi anazima 5 koloko isanakwane. Ndinadziwira firiji ya aneba, yomwe imalira usiku wonse kuseri kwa khoma langa, kuti yangoti zii. Ndisanasukusule n'komwe ndinayang'ana batire ya tabuleti: 58 peresenti. Kompyuta yaikulu ija ndinangoiponyera diso. Popanda magetsi imasanduka poikapo makapu.

Sabata ino ndikujambula zithunzi za kabuku kowerenga ana a Sitandade 2, masamba 16, saizi ya A5. Ntchitoyi anandipatsa ndi a bungwe lina laling'ono kuno ku Blantyre. Zambiri ndamaliza. Chomwe chandisowetsa tulo ndi tsamba 7, pomwe agogo akukonola chimanga, mdzukulu wawo atakhala pambali akuwaonerera.

Ndimajambulira mu Procreate, pa iPad yogwiritsidwapo kale ntchito yomwe msuweni wanga anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Pulogalamuyi inapangidwa ndi kampani ya Savage Interactive ku Hobart, pa chilumba cha Tasmania, ndipo inatuluka mu 2011. Chomwe ndinaikondera n'chakuti umalipira kamodzi basi. Za Adobe, kuyambira 2013 ndi zolipira mwezi ndi mwezi, pa dola, ndipo aliyense yemwe wayesapo kufunafuna dola masiku ano akudziwa chifukwa chake ndinazitsanzika. Pa kompyuta yaikulu ndili ndi Krita ndi Inkscape zojambulira, ndi Scribus yoyalira masamba, zonse zaulere.

Poyamba tsamba lililonse ndimaika muyeso wake. A5 ndi mamilimita 148 m'lifupi, 210 m'litali, koma osindikiza amafuna uwonjezere mamilimita 3 mbali zonse kuti mpeni wawo ukaphonya pang'ono pasaoneke mzere woyera m'mphepete. Pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, zimabwera ma pixel, timadonthoto, 1819 ndi 2551. Manambala amenewa ndinawaloweza ngati nambala yanga ya foni. Pamalo omwewo pali posankha ngati mitundu ikhale ya RGB, ya kuwala kwa sikirini, kapena ya CMYK, ya inki zosindikizira, ndipo milungu iwiri yapitayo ndinadutsapo chothamanga. Nkhani yake ibwera madzulo.

Cha m'ma 7 koloko ndinali nditakhala pakhonde, tabuleti pamiyendo. Agogo aja anali pa ma layer asanu ndi limodzi, zigawo zosanjikizana zomwe chilichonse umachisintha pachokha: mizere yakuda pamwamba, khungu pansi pake, chitenje, duku, mthunzi, kenako bwalo. Ndinali ndikusalaza mkono wawo wamanja, kujambula mzere, kugogoda sikirini ndi zala ziwiri kuti ufufutike, kujambulanso. Amayi, omwe abwera kuchokera ku Ntcheu Loweruka kudzaonana ndi dokotala wa maso, anatuluka ndi kapu ya tiyi n'kuima kumbuyo kwanga. Anakhala chete kwa kanthawi. Ndinkadikira kuti andiyamikire.

"Kodi mayi ameneyu akufuna kupha njoka?"

Ndinawafunsa kuti bwanji, Amayi.

"Munsi sagwira choncho, iwe. Wagwira kunsonga ngati khasu. Ndiye waima kutali ndi mtondo chonchi, msana suthyoka?"

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati ndinayang'ana zithunzi zambiri pa intaneti ndisanayambe. N'zoona ndinayang'anadi, koma pobwerera m'mbuyo ndinaona kuti zambiri zinali za ku West Africa, kumene akusinja chinangwa kapena zilazi mu mtondo waufupi, wotambalala kukamwa, wina atakhala pansi akutembenuza ndi dzanja. Ine mwana wa ku Ntcheu, wokulira pa mgaiwa ndi ufa woyera, ndinakafunsa ku Ghana momwe amakonolera chimanga.

Amayi anaika kapu pansi, natenga mtengo wa mopu. Anaima miyendo motalikirana pang'ono, chidebe chili pafupi ndi zala za kumapazi, manja onse awiri pakati pa mtengo, limodzi pamwamba pa linzake. Anaukweza molunjika, nautsitsa, mawondo akupindika pang'ono, chiuno chikutsatira. Anati mphamvu sizichokera m'manja, munsi umagwa wokha ndi kulemera kwake, iwe umangouwongolera. Ndinawajambula ndi kamera ya tabuleti katatu, iwo akuseka kuti ndisakawaike pa Facebook ndi mopu.

Sanalekere pomwepo. Pokonola amawaza madzi pang'ono kuti gaga achoke bwino, ndiye payenera kukhala kabeseni kapena chikho pafupi. Lichero lopetera lili kuti? Nkhuku zili kuti? Anati sanaonepo munthu akukonola nkhuku osabwera. Mtondo wanga unali wosalala ngati wogula dzulo, pomwe mtondo wa agogo umakhala wong'aluka pakamwa, wakuda m'mbali momwe manja amaugwira pousuntha. Ndipo mdzukulu wa msinkhu umenewo sangangokhala manja lende. Mwina akuingitsa nkhukuzo, mwina akulimbana ndi kamunsi kake.

Apa m'pamene tabuleti imaposa pepala. Ndikanakhala kuti ndinajambula ndi penti wa madzi, masiku awiri akanapita m'dzala. Ndinaika chithunzi cha Amayi pa layer yakeyake, n'kuchichepetsa mphamvu mpaka chizingooneka ngati chifunga, n'kujambula pamwamba pake mafupa a thupi ndi mizere yofiira. Mutu wa agogo ndinaudula ndi kuusunthira pa thupi latsopano, nkhope yawo osaikhudza, chifukwa nkhopeyo inali itandidyera tsiku lathunthu. Maluwa a chitenje anali pa clipping mask, layer yomwe imangooneka mkati mwa malire a layer ya pansi pake, ndiye nditasintha maonekedwe a chitenjecho iwo anangotsatira malire atsopano. Nkhuku ndinajambula imodzi, n'kuikopera kawiri, n'kutembenuza ina. Amayi anagwira chinyengocho nthawi yomweyo. Anati nkhuku zitatu zofanana ngati mapasa sizipezeka pakhomo pa munthu. Imodzi ndinaisandutsa ya khosi lopanda nthenga, ina ndinaipatsa anapiye.

Nditawaonetsa kavidiyo komwe Procreate imasunga yokha, koonetsa chithunzi chikumera kuchokera pa mzere woyamba, anakaonera kawiri. Chomwe chinawasangalatsa si chithunzicho ayi, koma kuona manja olakwika aja akufufutika.

Batire inali pa 9 peresenti pomwe firiji ya aneba inayambanso kulira, 11 koloko itadutsa. Ndinatulutsa tsambalo ngati fayilo ya PSD kuti ma layer asaphatikizane, n'kulitumiza ku kompyuta yaikulu.

Ndisanalitsegule ndinafuna kuthana ndi chikuto. A bungwe anasankha zilembo zonenepa, zozungulira, zokongola ndithu kwa ana, koma akufuna dzina la dziko lilembedwe Malaŵi, ndi kachipewa pa w. Zilembo anasankhazo kachipewako zilibe, ukalemba pamangotuluka kabokosi. Zilembo zodziwika bwino zimakhala nako, makamaka poti a ku Wales nawonso amalemba ŵ m'chinenero chawo, koma zokongoletsa zongotola pa intaneti nthawi zambiri wozipangayo sanaganizeko za ife kapena za iwo. Ndiye ndinatsegula Inkscape, n'kusandutsa mawuwo kukhala mizere, n'kuyamba kuumba kachipewako ndekha.

Kujambula kwa vector, komwe ndi kwa mu Inkscape, ndi nyama ina. Mu Procreate ukupaka timadontho, ndipo ukakulitsa kwambiri chithunzi chimaphwanyika n'kukhala timabokosi. Mu Inkscape ukuika mfundo, ndipo mfundo iliyonse ili ndi timikono tiwiri tomwe ukatikoka mzere umapindika. Kompyuta imasunga masamu a kupindikako, n'chifukwa chake chilembo chomwecho chikhoza kupita pa kabuku ka A5 kapena pa chikwangwani cha pamsewu osasintha. Mizere imeneyi imatchedwa dzina la Pierre Bézier, injiniya wa ku Renault yemwe ankaigwiritsa ntchito m'ma 1960 pokonza maonekedwe a galimoto. Ndinaseka ndekha kuganiza kuti masamu opindira boneti ya galimoto ku France akundithandiza kuveka w chipewa ku Chirimba. Kachinthu ka mfundo zisanu ndi imodzi kanandidyera mphindi 40, chifukwa kakanenepa kamaoneka ngati denga la nkhokwe, kakaonda kamaoneka kobwereka.

Nsima ya masana ndinadya choimirira. Ndinayala masamba atatu mu Scribus, chikuto, tsamba 3 ndi tsamba 7, n'kutulutsa PDF, n'kukwera minibasi kupita ku Ginnery Corner kuti akandisindikizire pulufu, pepala loyesera.

Pepala litatuluka m'makina ndinangoti kakasi. Pa tabuleti, khungu la agogo linali lofiirira bwino, lowala ngati la munthu wodzola mafuta amene wagwira ntchito padzuwa. Pa pepala anali otuwa, kumasaya kobiriwira, ngati achokera kuchipatala atagonako mwezi. Chitenje chomwe chinali cha buluu wowala chinasanduka chapepo. Thambo lokha ndi nkhuku ndi zomwe zinapulumuka.

Bambo wachikulire yemwe amayendetsa makinawo anandiyang'ana nkhope, nayang'ana pepala, nandifunsa ngati ndinajambulira mu RGB. Ndinavomera ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa.

"Achimwene, galasi lanulo ndi nyale. Ili ndi pepala. Nyale imawala yokha, pepala limadikira dzuwa."

Anatulutsa kagalasi kokulitsira zinthu m'thumba la ovolosi, nandiuza kuti ndiyang'ane patsaya la agogo. Munalibe mtundu wofiirira m'menemo. Munali timadontho ta mitundu inayi tokha, cyan (buluu wa thambo), magenta (wofiira wopita kupepo), chikasu ndi chakuda, titaunjikana. Izi ndinkazidziwa kale m'mutu, kuti sikirini imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, ndipo ukawonjezera kumawalirawalira, pomwe inki ukawonjezera imaderadera, komanso kuti pali mitundu ina, makamaka buluu wowala, yomwe inki zinayizo sizingaifikire. Koma kudziwa m'mutu n'kosiyana ndi kuona tsaya lomwe walisisita tsiku lonse litadzaza timadontho ta cyan.

Cyan ameneyo ndinamuika ndekha. Mthunzi wa pakhungu ndimakonda kuupaka ndi buluu wopita kupepo pa layer ya Multiply, yomwe imapangitsa za pansi pake kudera, njira yomwe ndinaitola m'mavidiyo ophunzitsa kujambula. Ophunzitsawo ambiri amajambula anthu a khungu loyera, pomwe pali malo ambiri oti mthunzi uderepo. Pa khungu lathu, lomwe ndi lakuda kale, buluu uja akasandulika inki amakhala cyan wambiri ndi chakuda pamwamba pa magenta ndi chikasu zomwe zilipo kale, ndiye zonse zimathera ku matope. Bambo aja anawonjezera kuti pepala lomwe bungwe lasankha ndi losanyezimira, limamwa inki, madontho amafufuma, ndiye chilichonse chidzada kuposa apa. Anati pa khungu la munthu wakuda, chakuda chizikhala chochepa, kulemera kwa mtundu kuchokere ku magenta ndi chikasu, cyan angolawitsa. Anati wakhala akuona zimenezi pa makalendala ndi mapulogalamu a ukwati kwa zaka zambiri, akwati okongola akutuluka ngati apakidwa phulusa, eni ake n'kumatukwana makina.

Ndinalipira pulufuyo, ndinapempha kuti andipatse ICC profile yomwe amagwiritsa ntchito, kafayilo kouza kompyuta momwe mitundu imatulukira ikasindikizidwa, anandiikira pa fulashi.

Cholakwa changa n'chakuti Procreate ili nayo CMYK, koma umasankha poyambirira penipeni, sungasinthe chithunzi chikayambika. Ndiye masamba onse 16 ali mu RGB. M'minibasi pobwerera, titaima kudikira kuti idzaze, ndinkawerengetsa masiku. Kujambulanso ayi. Koma tsamba lililonse lomwe pali munthu liyenera kutsegulidwa, ndipo anthu ali paliponse kupatula tsamba la ng'ombe.

Kunyumba ndinatsegula tsamba 7 mu Krita, n'kuika profile ija, n'kudina Ctrl ndi Y kuti sikirini iyerekeze pepala. Agogo odwala aja anatulukira pomwepo. Batani limeneli lakhala pa kompyuta yanga zaka zonsezi. Apa ndinayamikira kuti sindinaphatikize ma layer. Ndinapita pa mthunzi wokha, n'kuuchotsa ku buluu kuupititsa ku kofiirira kotentha, kokhala ngati dothi la katondo likanyowa, n'kuuchepetsa mphamvu. Khungu lenilenilo ndinaliwalitsa pang'ono kuposa momwe diso langa likufunira, podziwa kuti pepala lidzabweza. Pachipumi ndi pamapewa ndinaika kuwala kwachikasu m'malo mwa koyera. Pa tabuleti tsopano agogo akuoneka ofiira mopitirira, ngati apsa ndi dzuwa la ku Nsanje, ndipo dzanja likundiyabwa kuti ndibweze. Ndalimanga.

Chitenje cha buluu ndachisiya. Ndinayesa kuchotsako magenta kuti chisapite kupepo, chinangokhala chozimiririka ngati chochapidwa zaka zisanu. Amayi, omwe anali akusankha nyemba pafupi, anati nanga agogo akukonola angavale chitenje chatsopano? Chatsopano n'cha kutchalitchi ndi kumaliro. Ndiye chozimiririkacho chakhala chomwecho, ndipo ndawonjezera chigamba pabondo.

Pulufu yoipa ija anaitenga Amayi. Aiika m'Baibulo mwawo, akuti akaonetse anzawo a kumvano kuti munsi uwu ndi wawo. Ndinawapempha kuti adikire yabwino ya mawa, anakana, akuti manja ali bwino kale.

Pano ndi 9 koloko usiku. Ndakonza masamba anayi, atsala khumi ndi limodzi. Tabuleti ili pa chaja, fulashi ili m'thumba la thalauza kuti ndisaiiwale, ndipo bambo aja anati ndifike 8 koloko isanakwane, asanayambe kusindikiza malisiti a sukulu ina.