Tsiku limene buku langa linalankhula pa chinkhoswe

Ine si munthu wowerenga kwambiri, ndisaname. Ndine wa gulu lija logula buku m'mbali mwa msewu ku Limbe chifukwa chikuto chake chakongola, kuwerenga mitu itatu, kenako bukulo n'kukathera pansi pa mwendo wa bedi umene unafupika. Ndiye mlamu wanga wa ku Johannesburg atandiuza kuti watumiza kaphukusi pa basi, kodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowera pa Mwanza, ndinathamangira ku Wenela mtima uli pa nsapato. Nditatsegula ndinapeza Kindle (kachipangizo kowerengerapo mabuku) yoti wina anaigwiritsapo kale ntchito, ndi timahedifoni tiwiri topanda waya, tonga nyemba za kalima.

Poyamba ndinaipeputsa. Kanthu kopyapyala ngati kope la mwana wa Sitandade 1, kopanda mitundu, kopanda Facebook, mpira osaonetsa. Mwana wanga wamkulu, amene amadziwa chilichonse kupatula kutsuka mbale, anandiuza kuti zinthuzi zinayamba kugulitsidwa mu 2007, ndipo zokhala ndi nyale mkati zinabwera mu 2012. Yanga inali ya nyale. Chimene chinandigonjetsa ndi batire. Foni yanga ukaitchaja m'mawa, pofika 3 koloko masana yayamba kale kulira njala, koma iyi milungu iwiri inatha ikadali ndi moto. Ndipo chinali chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, mdima uli tsiku ndi tsiku. Anzanga akudandaula pa khonde, ine ndili chagada pa mphasa, kuwerenga ngati pulofesa wa ku Zomba.

Mabuku ndinawapeza ali kale mkatimo. Loyamba linali la munthu wina wolumbira kuti ukamadzuka m'bandakucha udzalemera. Ndinaseka ndekha. Amayi anga akhala akudzuka tambala woyamba moyo wawo wonse kupita kumunda, mpaka lero denga lawo ndi la udzu. Lachiwiri linkalangiza kusunga gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro mwezi uliwonse, ndipo ndinadziwiratu kuti wolembayo sanagulepo chimanga mwezi wa Febuluwale. Lachitatu linali la wapolisi wofufuza za kuphedwa kwa munthu ku dziko lina lozizira. Wapolisiyo ankangomwa khofi n'kumadandaula za mkazi amene anamuthawa, ndipo mayina ake anali ovuta moti pofika pakati sindinkadziwanso kuti wafa ndani, wapha ndani.

Limene linandigwira ndi limene sindinkafuna kuti munthu adziwe. Ndikukhulupirira kuti linali la akazi a mlamu wanga. Nkhani ya mtsikana wosauka amene analembedwa ntchito yosamalira mahatchi pa famu ya mnyamata wolemera, wamwano, wamapewa ngati chitseko. Mitu khumi ndi itatu yathunthu akungokangana, koma aliyense akuona kuti apa pali kanthu. Ndinkadzinamiza kuti ndikunola Chingerezi. Kenako ndinatulukira kuti buku lomwelo lilipo lomvetsera, ndipo ndinaliika pa foni mwakachetechete. Ankawerenga ndi mayi wina wa mawu ofewa ngati majarini pa sikono yamoto. Mu minibasi, timahedifoni m'makutu, kondakitala ankachita kundigwedeza kuti ndafika.

Tsono kunabwera chinkhoswe cha mng'ono wake wa akazi anga, ku Bangwe. Lachisanu madzulo anyamata anabweretsa chisipika chobwereka, chija cha matayala chokoka ngati sutikesi. Ine, pofuna kuonetsa apongozi kuti mkamwini wawo ndi wa zamakono, ndinati: "Tabweretsani kuno tichiyese." Ndinachilumikiza ku foni yanga pa Bluetooth, nyimbo inalira, ana anavina, ine n'kuzimitsa. Ndinaiwala. Foni sinaiwale.

Loweruka zinayamba bwino. Anatulutsa atsikana ofunditsidwa zitenje kumutu kuti akuchimuna aloze wawo, ndalama zinatuluka, nthungululu zinamveka. Ankhoswe anasinthana tambala ndi thadzi. Khasu, nkhwangwa, lichero, zonse zinaperekedwa m'malo mwake. Ndiye maikolofoni inafika m'manja mwa amalume aakulu a kuchikazi. Amene munakhalapo pa mwambo wa banja limeneli mukudziwa. Amalumewa akati "ndili ndi mawu awiri okha," wanzeru amapita kukasamba n'kubwerako.

Anayambira kumudzi kumene makolo anachokera. Atafika pa njala ya 1949, magetsi anathima. Anyamata analiza jenereta, chisipika chinadzukanso, amalume anabwerera ku 1949 pomwe anasiyira. Ine ndinali kumapeto kwa tenti, masitepe asanu ndi limodzi kuchokera pa chisipikacho, ndipo m'thumba mwanga munali mutu 14. Usiku wathawu ndinasiyira pamene mvula inayamba kugwa, mtsikana ali yekha m'khola la mahatchi, chitseko chikutseguka. Munthu ungapirire bwanji?

Ndinatsitsa chipewa, ndinalowetsa tinyemba tija m'makutu, ndinadina.

Chimene sindinadziwe n'choti timahedifoniti sindinatitchaje kuyambira Lachitatu. Si Kindle iyi, timatha moto m'maola ochepa chabe. Foni itafunafuna anzake osawapeza, inakumbukira bwenzi lake la dzulo.

Mawu a mayi uja anamveka. Ndinati mumtima: koma azungu ndi zipangizo zawo! Ngati mawu akuchokera pabwalo ponse! Kungoti ankamveka ngati ali patali pang'ono, ndiye ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto. Ndinatsinzina. Ndinamwetulira.

Zimene zinachitika kunja kwa zikope zanga ndinachita kuuzidwa. Mkwati ali ndi mlongo wake ku Manchester amene analonjeza kutumiza uthenga wa mafuno abwino. Choncho mawu a Chingerezi atabuka, amalume anaima, anagwedeza mutu mwaulemu, n'kunena mu maikolofoni: "Tiyeni timvetsere, ana athu a kunja akulankhula." Anthu anakhala chete. Amayi ena anaimba nthungululu. Mayi wa m'buku uja anapitiriza modekha kufotokoza mmene shati ya mnyamatayo inanyowera n'kumamatira pa chifuwa, mmene mtima wa mtsikanayo unkagundira, mmene mpweya wawo unasakanikirana. Abusa, amene Chingerezi amachimva bwino lomwe, anayamba kutsokomola ngati atsamwa ndi fupa la chambo. Aphunzitsi awiri a kuchimuna anaweramira pansi mapewa akugwedezeka.

Agogo a mkwatibwi, amene makutu awo anayamba kuvuta, anakoka kamdzukulu ka Sitandade 7.

"Iwe, akuti chiyani a ku Mangalandewo?"

Kamwanako, pofuna kuti agogo amve, kanakuwa ndi mphamvu zake zonse: "Akuti akumuvula jekete, agogo!"

Chiphokoso cha kuseka n'chimene chinanditsegula maso. Ndinaona wa zoimbira akumenya mabatani onse ngati akupha nyerere. Ndinachotsa kanyemba kamodzi m'khutu. Mawu sanachepe. Ndinachotsa kachiwiri. Mawu anawonjezeka.

Apa munthu wanzeru akanazimitsa foni m'thumba momwemo n'kuyamba kuyang'ana uku ndi uku modabwa ngati anzake. Ine ndinaitulutsa poyera n'kudina. Bwalo lonse linati zii. Posakhulupirira kuti ndi ine, ndinadinanso kuti nditsimikize. Mayi uja anapitiriza pomwe anasiyira, pa milomo penipeni. Ndinadinanso. Zii. Anthu oposa zana anali akuyang'ana chala changa chachikulu.

Akazi anga anayenda kuchokera kumene kunali miphika, osathamanga, chitenje chili bwinobwino m'chiuno. Anatambasula dzanja.

"Bambo a ana, foniyo."

Ndinapereka ndi manja awiri.

Amalume anagamula pomwepo kuti mkamwini wasokoneza mwambo, alipe nkhuku, ndipo anthu anavomera ndi m'manja. Pa perekaniperekani woyendetsa mwambo sanandisiye. "Tsopano tiitane a bambo a mahatchi, abwere ndi anzawo onse okonda kuwerenga!" Ndinavina ndekha pakati pa bwalo, ndipo pofuna kugula ulemu ndinaponya K5,000 imene ndinasungira minibasi. Tinayenda wapansi mpaka ku Limbe. M'njira mwana wanga wodziwa zonse uja anandiuza kuti dzina loti Bluetooth linachokera kwa Harald, mfumu ya ku Denmark ya zaka za m'ma 900, imene inagwirizanitsa mafuko. Ndinamuuza kuti nkhoswe ngati ameneyo sindikumufunanso pakhomo panga.

Nkhuku ndinapereka Lachiwiri. Apongozi anga aakazi sitilankhulana maso ndi maso, monga mwa mwambo, ndipo sabata imeneyo ndinathokoza makolo amene anaukhazikitsa. Koma Lamlungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, kamdzukulu komasulira kaja kanandipeza pa geti, kanagwada pang'ono.

"Agogo andituma. Akuti mnyamata uja anamukwatira mtsikanayo kapena anangomutayitsa nthawi? Komanso akuti mahatchi aja anawatsekera ndani, poti chitseko anachisiya chotsegula mvula ikugwa?"