Sinthani chiyambi cha chess, koma stalemate muisiye

Mu Novembala 2018, mumzinda wa London, Magnus Carlsen wa ku Norway ndi Fabiano Caruana wa ku America adasewera magemu 12 polimbirana ukatswiri wa chess wa dziko lonse, ndipo onsewo adatha molepherana. Katswiri adadziwika pa magemu othamanga, omwe Carlsen adapambana atatu motsatizana. Kuchokera nthawi imeneyo mawu a anthu ofuna kuti malamulo a chess asinthidwe akhala akukulirakulira, moti ngakhale kuno ku Lilongwe nkhaniyi imabuka tikakhala pakhonde kudikira gemu yotsatira pa mipikisano ya Loweruka.

Madandaulo ake ndi akuti osewera apamwamba amalepherana kawirikawiri, komanso kuti amatha miyezi ali pa kompyuta kuloweza pamtima mayendedwe oyambirira, kotero kuti gawo lalikulu la gemu limatha munthu asanayambe kuganiza yekha. Nkhawa imeneyi si ya lero. José Raúl Capablanca wa ku Cuba, yemwe adali katswiri wa dziko lonse kuyambira 1921 mpaka 1927, adaopa kuti chess idzafa ndi kulepherana, ndipo adapempha kuti bolodi likule ndi kuti pawonjezedwe zida ziwiri zatsopano. Anthu sadamutsatire. Komabe ine sindili m'gulu la onena kuti malamulo ndi osakhudzika, pakuti mfumukazi yamphamvu imene tikuidziwa lero idabadwa cha m'ma 1475 ku Spain, pamene kale inkangoyenda bokosi limodzi mopingasa. Amene adasintha lamulo limenelo ndiwo adatipatsa masewero amene timawakondawa.

Zosintha zina sizikhudza bolodi konse. Ku Sofia m'chaka cha 2005 adaletsa osewera kumangogwirana chanza n'kugawana pointi gemu isanapse. Ku Bilbao mu 2008 adayamba kupereka mapointi atatu kwa wopambana ndi imodzi kwa olepherana, ndipo mpikisano wa Norway Chess mu 2019 udabweretsa gemu yachiweruzo ya Armageddon, momwe wa zoyera amapatsidwa nthawi yochulukirapo koma akangolepherana ndiye kuti wa zakuda wapambana. Izi ndi nkhani za okonza mipikisano, ndipo ndilibe nazo mlandu. Ganizo la katswiri wa ku Russia Vladimir Kramnik lothetsa castling (kusuntha mfumu ndi rook nthawi imodzi pofuna kubisa mfumu) lidayesedwa ku Dortmund mu 2021, pomwe Viswanathan Anand adagonjetsa Kramnik mwini wakeyo, koma silindikopa kwenikweni, chifukwa makompyuta sangachedwe kulembanso mabuku atsopano oti anthu aloweze.

Ganizo limene limandisowetsa mtendere ndi loti stalemate, yomwe imachitika pamene wosuntha alibe kosunthira kololedwa koma mfumu yake siikuopsezedwa, isakhalenso kulepherana koma chipambano cha amene wapanikiza mnzake. Olikonda amati si chilungamo kuti munthu amene watsala ndi mfumu yokha, yosowa kolowera, atenge theka la pointi kwa amene wamuposa gemu yonse. Pongomva, mawuwa ali ndi nzeru. Koma taikani pa bolodi zida zitatu zokha (bokosi lililonse limadziwika ndi chilembo ndi nambala): mfumu yakuda pa e8, pawn yoyera pa e7, mfumu yoyera pa e6, ndipo osuntha akhale a zakuda. Mfumu yakuda siili pa check, kutanthauza kuti palibe chida chimene chikuiopseza, koma d8 ndi f8 zagwidwa ndi pawn, d7 ndi f7 zagwidwa ndi mfumu yoyera, ndipo pawn ija siidyeka popeza ili ndi mlonda kumbuyo kwake. Malo ang'ono amenewa ndiwo maziko a phunziro lonse la mathero a gemu. Chifukwa cha iwo, wa zoyera sangangokankha pawn yake mwaphuma. Ayenera kuphunzira kutsogoza mfumu, kuwerenga mabokosi ndi kudziwa nthawi yodikira. Chifukwa cha iwo, wa zakuda ali ndi chifukwa chokhalabe pampando.

Ndidaonerera mtsikana wina wa pulayimale wa ku Kawale akuteteza malo ofanana ndi amenewa polimbana ndi mnyamata wa sekondale. Adabweza mfumu yake molunjika kumbuyo, osati cham'mbali, monga adaphunzitsidwira, chala chake chikunjenjemera pang'ono pamene ankadina wotchi, ndipo mnyamatayo atakankha pawn komaliza adapeza kuti gemu yathera pompo. Lamulo likadzasintha, luso la mwana ameneyu lidzakhala lopanda ntchito, pakuti pafupifupi aliyense wotsala ndi pawn imodzi yoposa mnzake adzapambana popanda kutuluka thukuta. Chodandaulitsa kwambiri n'chakuti phindu lake ndi lochepa. Mu 2020 Kramnik pamodzi ndi akatswiri a kampani ya DeepMind adagwiritsa ntchito pulogalamu ya kompyuta yosewera chess ya AlphaZero poyesa mitundu isanu ndi inayi ya malamulo, ndipo adapeza kuti kusandutsa stalemate kukhala chipambano sikuchepetsa kwenikweni kulepherana pakati pa osewera amphamvu, chifukwa wodziteteza amangopeza njira zina. Tingataye chuma chimene mibadwo ya osewera idasonkhanitsa, koma nthenda imene tikufuna kuchiza n'kutsalabe.

Kusintha kumene ndikukuvomereza ndi mtima wonse ndi kwa katswiri wa ku America Bobby Fischer, komwe adalengeza ku Buenos Aires mu 1996 ndipo lero kumatchedwa Chess960. Ma pawn amakhala m'malo awo a nthawi zonse, koma zida za mzere wakumbuyo zimasakanizidwa mwa maere, bola mfumu ikhale pakati pa ma rook awiri ndipo mabishopu akhale pa mabokosi osiyana mtundu. Zakuda zimayalidwa moyang'anizana ndi zoyera, chida ndi chida. Pali njira 960 zoyalira motero, ndipo palibe mutu wa munthu umene ungaloweze zonsezo. Kavalo amadumphabe monga kale, checkmate ndi yomweyo, stalemate ndi yomweyo. Chimene chachoka ndi kuloweza kokha. Bungwe la FIDE, loyendetsa chess pa dziko lonse, lidavomereza mpikisano wa dziko lonse wa mtundu umenewu mu 2019, pomwe Wesley So adagonjetsa Carlsen, ndipo mu 2022 ku Reykjavik wopambana adali Hikaru Nakamura.

Kwa akatswiri a ku Ulaya, Chess960 ndi mankhwala a kutopa. Kwa ife ndi nkhani ya chilungamo. Mwana wa ku Area 25 amene amabwereka foni ya amalume ake madzulo, bandulo ikakhalapo komanso magetsi akayaka, sangafanane pa kuloweza ndi mnzake amene ali ndi kompyuta, mphunzitsi ndi mabuku. Ana athu ambiri amagonja pa mayendedwe khumi oyamba, osati chifukwa chochepa nzeru, koma chifukwa agwa mu msampha umene mnzawo adauwerenga kunyumba. Zida zikasakanizidwa, onse awiri amayamba kuganiza pa kusuntha koyamba, ndipo apo m'pamene timaona amene ali ndi diso.

Sindikunena kuti chess ya masiku onse ichoke. Amene akufuna kudzaimira dziko lino pa mpikisano wa maiko wa Chess Olympiad ayenera kuidziwa bwino, ndipo mwana woyamba kumene amafunika kayalidwe kamodzi kokhazikika kuti aphunzire chifukwa chake timathamangira kulanda pakati pa bolodi. Pempho langa kwa a Chess Association of Malawi ndi aphunzitsi a m'sukulu za mumzinda uno ndi loti pa ndondomeko ya chaka pakhaleko mpikisano wa Chess960. Sipafunika kugula chilichonse, pakuti mabolodi ndi mawotchi ndi omwewo. Woyang'anira mpikisano angathe kusankha kayalidwe pa foni kudzera pa pulogalamu ya chess ya Lichess, yomwe ndi yaulere, n'kukalemba ndi choko pa bolodi la m'kalasi patatsala mphindi zochepa kuti gemu iyambe. Chofunika kuphunzitsiratu ndi castling, chifukwa ndi pamene oyamba amasokonezeka: kulikonse kumene mfumu ndi rook zayambira, zimakathera pa mabokosi omwe aja a nthawi zonse: kwa wa zoyera, mfumu pa g1 ndi rook pa f1, kapena mfumu pa c1 ndi rook pa d1.