Mmene ndimayendetsera tsiku loyeza BP kwathu ku Kawale

Ndisanaitane munthu, ndimayamba ndakaonana ndi amfumu komanso mlangizi wa zaumoyo wa pachipatala chapafupi, chifukwa amene tiwapeze ndi BP yokwera afunika kolowera. Uthenga ndimaupereka kutchalitchi, kumzikiti ndi m'magulu a banki m'khonde. Sindinena kuti abwere odwala, ndimati wamkulu aliyense abwere, poti kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka m'thupi. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza vutoli mwa munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, ndipo ambiri sankadziwa.

Pa tsikulo ndimatenga makina awiri, mabatire apadera, tebulo ndi mipando yokhala ndi potsamira. Malamba omanga pamkono akhale aakulu mosiyana. Lamba wothina pamkono wonenepa amakweza manambala, munthu n'kuchita mantha pachabe.

Zambiri zimalakwika pothamangira kuchepetsa mzere. Amayi amene ayenda wapansi padzuwa kuchokera ku Biwi ndimawauza kuti, "Mayi, pumani kaye mphindi zisanu." Amene wasuta fodya kapena kumwa khofi adikire mphindi 30, ndipo womva mkodzo ayambe wataya madzi. Poyeza, msana utsamire, mapazi aponde pansi osapingasa miyendo, mkono ugone patebulo molingana ndi mtima, ndipo lamba akhudze khungu, osati pamwamba pa juzi. Macheza ayambe aima. Ndimayeza kawiri, patadutsa mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kulemba manambala ndi tsiku m'buku lawo la kuchipatala.

BP ikafika 140/90 kapena kuposa, sindiwauza kuti ali ndi matenda. Ndimawatumiza kuchipatala kuti akayezedwenso tsiku lina, popeza kuyeza kwa tsiku limodzi sikukwanira. Koma ikafika 180/120, makamaka ngati mutu ukupweteka kwambiri, maso akuchita chidima, pamtima pakuwawa kapena mkono wafooka, timapeza galimoto nthawi yomweyo.

Pamzere ndimaonetsa supuni yaing'ono ya tiyi. Mchere wa munthu mmodzi tsiku lonse usapitirire pamenepo, magalamu 5, kuwerengera ndi wa m'tchipisi, m'soseji ndi m'zokometsera ndiwo. Amayi ambiri amadabwa akaiona.

Chimene chimandiwawa ndi anthu amene amasiya mankhwala akangomva bwino, kenako sitiroko n'kuwagwetsa. N'chifukwa chake pakatha masabata awiri ndimayendera aliyense amene tinamutumiza, n'kupempha kuona buku lija ngati adokotala analembamo.